Nyumba Imene Tinagula ku Chisi

Amayi anzanga, Ambuye akhale nanu nonse amene mwakhala pa mphasazi. Ndaona ena mwa inu mudakali ndi mipango yakuda kumutu, tsitsi silinamere bwino chimetereni. Ndi inuyo makamaka amene ndikufuna mundimve. Ine ndine amake Esinati, wa konkuno kwa Mwambo. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye musayembekeze mawu okometsera. Mano akutsogolo mukuona kuti ndilibewa sanaguluke ndi ukalamba ayi, anachotsedwa ndi nkhafi. Ndinakhalapo kundende. Ndinamwapo kachasu mpaka kugona m'ngalande. Zonsezi zinayamba ndi nyumba, ndipo zinatsala pang'ono kundilanda mwana mmodzi yekhayo amene Mulungu anandisiyira.

Amuna anga, a Filipo, anali a kwa Kuntumanji. Anabwera kwathu ngati mkamwini, namanga nyumba ya udzu kuseri kwa nyumba ya achemwali anga aakulu, a Felesiya. A Filipowo anali msodzi. Zaka zimenezo, dziko litangolandira ufulu, nyanja yathu ya Chilwa inali ndi matemba ngati mchenga. Iwo ankakoka khoka, ine ndinkayanika matemba ndi kuwamba milamba, ogula nkumabwera pa njinga kuchokera ku Songani ndi ku Zomba. Ndinkalimanso mpunga m'dambo la amayi anga. Tinayamba kupeza bwino.

Pa chilumba cha Chisi, mbali yoyang'ana kuno, panali malo amene anthu ankangowatchula kuti Kumalata. Eni makoka ndi ogula nsomba olemera anali atamanga nyumba zawo pamenepo, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, pa kamchenga koyera. Njerwa zootcha, makoma opaka laimu, mawindo a magalasi, pansi simenti yofiira. Ukamadutsa pa bwato unkamva mawailesi akuimba. Akazi a kumeneko ankakhala pa mipando pakhonde, atavala nsapato popanda ulendo uliwonse. Ndinapitako tsiku lina kukasiya nsomba. Thupi linabwerako, mtima unatsala komweko.

Mkulu wina, Che Bwanali, anafuna kubwerera kwawo, ndipo anayamba kutsatsa nyumba yake. Ine ndi amene ndinakakamiza kuti tigule. A Filipo ankati, "Amake Esinati, nyumba tili nayo kale." Ine nkumati, "Imeneyi ndi nyumba kapena khola la mbuzi?" Ndinagulitsa mpunga wanga wonse ndi mbuzi zimene amayi anandisiyira, a Filipo nawonjezera za nsomba.

A Felesiya anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, mkazi sagula nyumba. Mkazi amamangiridwa pakwawo. Pano mwamuna akamwalira, abale ake amatenga bulangete ndi njinga, nyumba imatsala ndi iwe ndi ana. Kuchilumbako dothi ndi la yani? Lako?"

"Achemwali, nsanje imakalambitsa," ndinatero.

"Chabwino, adona. Mukatitumizire galasi limodzi, nafenso tizidzionerapo."

Tsiku logula, amuna anakhala pa mphasa pakhonde la nyumbayo. Panali Che Bwanali ndi mboni zawo, a Filipo, ndi mnyamata wina dzina lake Jailosi, mwana wa mlongo wawo wa a Filipo. Kwathu sikunachoke munthu, ngakhale ankhoswe anga sindinawauze. Ine ndinali kuseri ndikuphika tiyi, poti mkazi sakhala pa mphasa amuna akamagwirizana za malonda. Ndinangomva kuomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo chilumba chonse chinkati nyumba ya a Filipo, ndipo ine dzinalo linkandikomera m'makutu.

Sitinakhalemo nthawi yaitali. Dzinja limodzi lokha ndi limene tinamva mvula ikulira pa malata tili awiri. Tsiku lina mphepo ya mwera inawapeza a Filipo pakati pa nyanja, bwato litadzaza nsomba. Linagubuduka, khoka nkuwakulunga miyendo. Anakawapeza m'njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, nkhope itawonongeka moti ndinawazindikira ndi malaya. Tinakawaika kwawo kwa Kuntumanji.

Tsiku lometa, abale awo anandisudzula monga mwa mwambo. Anati, "Mwamasuka, bwererani kwanu kwa Mwambo ndi mwana wanu. Za malemu zitsala ndi mbumba yawo." Ndinathokoza, ndikuyesa akunena njinga ndi zovala. Ndinabwerera ku Chisi ndi Esinati, ali kamtsikana kosayamba sukulu.

Jailosi anali mmodzi wa anyamata ovala malaya ofiira amene ankaima padoko kufunsa makhadi a chipani. Mundimvetse bwino amayi, sindikunena za chipani ayi, khadi langa ndili nalo. Ndikunena za Jailosi. Tsiku lina anabwera kunyumba kuja dzuwa litakwera, ali ndi anzake awiri. Anandipeza pabwalo ndikuwaza nkhuni zowambira nsomba.

"Akazi a malume, mwadzuka bwanji? Tabwera kudzakuthandizani kusamuka."

"Kusamukira kuti? Ino ndi nyumba yanga."

"Yanu? Pa mphasa paja munalipo? Ine ndinalipo. Za malume ndi za ife ana a mlongo wawo. Koma ngati simukufuna kuchoka, khalani ndithu. Paja mkazi wa malume ndi wanganso."

Anzake anaseka. Ine ndinamulavulira kumaso. Anandimenya mbama mpaka khutu linalira, anzake aja nalowa m'nyumba nkuyamba kuponya katundu panja. Mbale, mabulangete, miphika, zonse zinkagwera m'matope. Esinati anali atagwira mwendo wa bedi, akukuwa. Jailosi analowa, anamukoka dzanja, nkumuponya pakhomo ngati thumba la madeya. Mutu wa mwana unagunda pa sitepe ya simenti. Ndinaumva ukulira ngati chikho chasweka. Mwana anangoti zii.

Chikwanje chinali m'manja mwanga kale. Kuthamanga kwake sindikukumbuka. Ndinkafuna khosi. Iye anakweza mkono kuti atchinge, chikwanje nkulowa pamwamba pa chigongono mpaka pafupa. Ndinachizula, nkutemanso paphewa. Magazi anawazikira pa khoma loyera lija, pa ine, ndi pa mwana, amene nthawi imeneyo anali atatsegula maso akundiyang'ana.

Mnzake mmodzi anandimenya ndi nkhafi pakamwa. Ndinagwa, ndipo anandiponda m'nthiti ndi m'mimba mpaka ndinadziyipitsira. Anandimanga ndi chingwe cha khoka, nkundiponya m'bwato limodzi ndi Jailosi, magazi athu akusakanikirana m'madzi a pansi pa bwatolo. Anthu a Kumalata anatseka mawindo awo a magalasi aja. Mayi wina wa m'mudzi wa pachilumbapo, amene sindinkamupatsa ndi moni yemwe, ndiye anatola Esinati nkukamupereka kwa a Felesiya.

Kubwalo la milandu anyamata awiri aja ananena kuti ndinatema munthu ali pa ntchito yake chifukwa ndinakana kugula khadi. Za nyumba palibe amene anazitchula. Ndikati ndilankhule, m'kamwa munali motupa, mawu osamveka. Ndinalowa kundende ku Zomba.

Kumeneko sindinalape. Ndinkangoona chikwanje chikuphonya khosi, ndipo chimene chinkandipweteka chinali kuphonyako. Mkaidi mnzanga ananditcha dona wa ku Chisi, ndinamuluma khutu ndi mano otsalawa mpaka chidutswa chinatsala m'kamwa mwanga. Anandiwonjezera miyezi.

Nditatuluka ndinapeza nyanja ikuthawa. Mvula inali itakana, madzi akubwerera m'mbuyo, nsomba zikufa. Ndinafika pamudzi Esinati akusewera phada pabwalo. Atandiona anakuwa, nathawira m'nyumba ya a Felesiya nkukabisala kuseri kwa mtsuko. A Felesiya anati, "Mpatse nthawi. Amazilota zija." Mwanayo akandiona ndagwira mpeni, ngakhale wodulira masamba, ankakodza pomwe waimapo.

Ine m'malo mopirira ndinapita kudoko la Kachulu. Asodzi anali opanda ntchito, mabwato atagona m'matope, koma kachasu ndiye anali wosasowa. Ndinamwa. Ndinagulitsa nsalu zanga, khasu, mpaka mbewu ya mpunga ya achemwali. Ndinkamenyana ndi aliyense, amuna ndi akazi omwe. Bambo wina ndinamuswera botolo pamutu chifukwa choseka mano anga. Tsiku lina ndinabwera pamudzi masana nditaledzera, ndikufuna kutenga mwana mokakamiza. A Felesiya anaima pakhomo. Ndinatola munsi nkuwamenya nawo m'chiuno. Mpaka lero amayenda motsimphina, ndi awo akhala kumbuyoko. Amalume athu, eni mbumba, anandiuza kuti ndisadzapondenso pamudzi.

Ndinayamba kugona kuseri kwa nyumba zogulitsira mowa. Mumtima ndinkati zonsezi ndi Jailosi. Wandilanda nyumba, wandilanda mano, wandilanda mwana. Kenako ndinamva kuti nyanja yaphweratu, anthu akupita ku Chisi wapansi. Ndinaba chikwanje cha mayi wophika kachasu, ndinachinola pa mwala, nkunyamuka m'mawa. Ndinkadziwa kuti wopha munthu amanyongedwa. Sindinasamale.

Amene munalipo chaka chimenecho mukukumbuka. Pamene a Filipo ankaponya khoka panali dothi long'aluka, ming'alu yake yolowa phazi. Milamba yakufa ili mbwee, fungo lake logwira pakhosi. Malo ena pamwamba pouma koma pansi matope, ndinkatitimira mpaka m'mawondo. Dzuwa linkaotcha, kachasu wa dzulo lake akutuluka ndi thukuta. Ndinaganiza kuti mwina ndikuponda pamene amuna anga anamira, koma ngakhale ganizo limenelo silinandibweze.

Ndinafika Kumalata dzuwa lili paliwombo. Kunalibe wailesi yoimba. Nyumba zambiri zinali zopanda denga, eni ake atakanganula malata nkupita nawo kumene kunali nsomba. Kamchenga koyera kaja kanali m'mphepete mwa fumbi. Nyumba yathu inali idakali ndi malata, koma magalasi ena atasweka, pakhonde pali ndowe za mbuzi.

Jailosi anali atakhala pa sitepe. Sindinamuzindikire msanga. Malaya ofiira analibe, anali ndi kabudula yekha. Mkono wamanja unali utauma, wowonda ngati bango, utapindikira pachifuwa. Ankayesa kusenda chinangwa ndi dzanja limodzi, atachipana ndi mapazi. Mkazi wake, ndinamva pambuyo pake, anali atatenga ana nkubwerera kwawo.

Anadzutsa mutu. Anaona ine, anaona chikwanje. Sanathawe.

"Mwabwera kudzamaliza."

"Eya."

"Ndinkadziwa." Anaika mpeni pansi. "Nyumba yanu ndi iyi. Ndayesa kugulitsa, palibe wofuna. Ndani angagule nyumba ya kunyanja kopanda nyanja?"

"Sindinabwerere nyumba. Gwada."

Sanagwade. Anangoweramitsa mutu pomwe anakhalapo, khosi lili poyera. Ndinaima pambali pake, nkukweza chikwanje ndi manja awiri. Ali chiweramire choncho anati:

"Mwana uja ali bwanji?"

"Usamutchule."

"Bala la pamutu lija linapola? Anagunda pano, pa sitepe pomwe ndakhalapa. Ndimakhala pomwepa tsiku ndi tsiku. Sindinamve ngati linapola bwino kapena linamusiyira vuto. Mungondiuza chimenecho, akazi a malume, kenako mupitirize."

Amayi anzanga, ndinatsegula pakamwa kuti ndimutukwane, koma ndinapeza kuti yankho ndilibe. Sindinkadziwa. Chitulukireni kundende ndinali ndisanagwirepo mutu wa mwana wanga. Sindinkadziwa ngati chipsera chili kumanzere kapena kumanja, ngati panamera tsitsi, ngati mutu umamupweteka. Ngakhale a Felesiya ndinali ndisanawafunsepo. Miyezi yonseyo ndinkauza anthu padoko kuti ndikulirira mwana, koma m'mutu mwanga munali khosi la Jailosi lokha. Munthu amene anamuponya pa simenti ankaganiza za bala lake. Ine amake ayi.

Manja anali adakali m'mwamba. Ndinaona kuti ndikatsitsa chikwanjechi pakhosipa, ndikafera pa chingwe ndisanachione chipseracho. Ndipo Esinati adzakula akudziwa chinthu chimodzi chokha cha amake, chimene anachiona tsiku lija.

Musaganize kuti ndinamva nyimbo za angelo. Ukali sunachoke. Ndinatembenukira chitseko, chitseko cha mlombwa chimene ndinkachipukuta m'mawa uliwonse, nkuyamba kuchitema. Ndinatema ndikukuwa, tizidutswa ta thabwa tikuuluka, mpaka m'manja munatuluka matuza nkuphulika. Ndinaswa magalasi otsala onse. Pomaliza chikwanje chinakanirira m'thabwa, ndinalephera kuchizula, ndinachisiya pomwepo. Jailosi anali akulira ngati khanda. Sindinamuuze kuti ndamukhululukira, poti ndinali ndisanatero. Zimenezo zinabwera patapita zaka. Ndinangolowa m'nyumba, nkumwa madzi a mumtsuko mwake, nkuyamba ulendo wobwerera.

Kubwerera kwenikweni kunali kovuta kuposa matope aja. Ndinayambira kwa amalume, poti pamudzi ndinali woletsedwa. Ndinagwira ganyu m'minda ya anthu mpaka ndinapeza nkhuku, amalume nkuitenga kukapepesa nayo, ine ndili pambuyo pawo. A Felesiya anandiyang'ana ali chigonere pa mphasa. Kenako anati, "Adona afika. Nanga galasi lathu lija lili kuti?" Ine ndinalira, iwo anaseka mpaka chiuno chinawapweteka. Anandibwezera munda wanga.

Kachasu sindinamusiye ndi pemphero lokha. Ndinasiya njira ya kudoko, ndikafuna mchere ndinkatuma anthu. Manja akayamba kunjenjemera ndinkathamangira kwa amayi a mpingo uno, iwo nkundipatsa thobwa ndi mtondo woti ndisinje mpaka ludzulo lidutse. Ndinagwapo, sindibisa, koma ankabwera kudzanditenga. Ndinaumba zidina ndekha, achimwene anga nkundimangira kanyumba ka udzu pamalo akale, pa dothi la amayi anga.

Tsono mverani, kuti mukauze ana anu aakazi ndi anzanu amene amuna awo adakali moyo. Akafuna kugula nyumba kutali ndi kwanu, kaya ndi kutauni, kaya ndi kunyanja, musapite kukaphika tiyi. Khalani pa mphasapo, ngakhale akuyang'aneni moipa. Ankhoswe anu akhalepo, ndipo zinenedwe mokweza, anthu onse akumva, kuti nyumbayi ndi ya mayi uyu ndi ana ake. Inu amene mwalandidwa kale, ndikudziwa chimene chili m'chifuwa mwanu, chifukwa chinakhalamo mwa ine. Pitani nayo nkhaniyo kwa akuluakulu, akakubwezani mupitenso. Koma dzanja likayamba kufunafuna chida, yambani mwakayang'ana mwana wanu.

Za Esinati ndinachita zimene a Felesiya anandiuza. Sindinkamuitana. Mpeni sindinkaugwira iye ali pafupi. Masamba ndinkadula ndi zala, nkhuni ndinkawazira kutchire. Ndikaphika mbatata ndinkasiya m'mbale pakhomo pa achemwali nkuchoka. Poyamba ankadikira ndilowe m'nyumba kuti adye. Kenako anayamba kudya ine ndikuona. Mvula inagwa bwino, nyanja inabwerera, matemba anayambanso kupezeka, iye asanandilankhulebe.

Tsiku lina masana ndinali pakhonde ndikupeta mpunga. Ndinaona Esinati akubwera akutsimphina. Anaima chapatali pang'ono, dzanja lili kumbuyo.

"Amayi aakulu apita kudimba," anatero.

Anali mawu ake oyamba kwa ine chichokereni ku Chisi.

"Eya, ndawaona."

"Thekenya. Likuyabwa."

Anatulutsa dzanja lija. Munali phini ndi lezala. Ndinaika lichero pansi pang'onopang'ono, ngati pali mbalame yoti ingauluke. Anakhala pansi moyang'anizana nane, naika phazi lake pa ntchafu panga. Ndinatenga lezalalo. Ndinadikira kuti akuwe, sanakuwe. Ndinang'amba pang'ono kunsi kwa chala chaching'ono, nkutulutsa thekenyalo ndi phini, lonse lathunthu osaphulika. Iye anaweramitsa mutu kuti alione, ndipo pamenepo ndi pamene ndinachiona chipsera chija. Chinali kumanzere, pamwamba pa khutu, kutalika ngati chala changachi, chosamera tsitsi.

"Pamapweteka apa?"

"Kukazizira basi."

Ndinaikapo chala. Sanathawe. Anangochotsa phazi lija, naika linzake.

"Kulinso lina uku, amayi."

Ine ndathera pamenepa. Amene ali ndi nyimbo ayambitse.